Chifalansa choingitsira mbalame

Chifalansa ndinachiphunzira zaka ziwiri ndi teremu imodzi, ndipo chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi mneni mmodzi yekha, venir, kutanthauza kubwera. Zina zonse zinauluka. Mutandifunsa lero kuti mchere kapena khasu amati chiyani, ndingokuyang'anani.

Aphunzitsi athu a Chifalansa ku sekondale anali bambo wamfupi, wadazi, wosavula jekete ngakhale mu Okutobala. Potiphunzitsa ankamenya desiki ndi lula, ife n'kumatsatira ngati kwaya. Je viens, pha. Tu viens, pha. Il vient, nous venons, vous venez, ils viennent. Ine ndikubwera, iwe ukubwera, iye akubwera, kenako ife, inu, iwo. Ankanena kuti aneni ambiri a Chifalansa ndi ofatsa, ukadziwa mmodzi wadziwa gulu lonse. Koma alipo ena amakani, oyenda njira yawoyawo, ndipo amenewo palibe kuchitira mwina koma kuwaloweza mmene alili. Ponena mawu akuti amakani ankayang'ana ine, kalasi yonse n'kuseka.

Sanali kunama. Tili Fomu 3, pulifekiti wina anandilanda mbale ya nyemba pamzere, ati ndachedwa. Ndinamugulula mano awiri. Kutacha ndinali pamsewu ndi sutikesi yanga yamalata. Sindidzikometsera ayi. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira ubwana, ndipo zambiri zimene ndinataya pamoyo wanga ndinazitaya ndi manja anga kapena pakamwa panga.

Ndinakwatira ku Mtakataka, ndipo ndinakhala chikamwini kumeneko zaka zoposa makumi awiri. Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi. Atakula ankagulitsa mpunga m'mbali mwa msewu waukulu, pamene malole amaima. Kumeneko ndiko anadziwana ndi munthu wa ku Kongo, dalaivala wa lole, wamtali, woyankhula Chifalansa, Chiswahili ndi Chichewa chapamsika chodukaduka.

Tsiku limene anabwera kunyumba ndinali pakhonde ndikusoka thumba. Anabwera yekha. Wopanda mkulu womutsogolera, wopanda womuyankhulira, wosayamba wapita kwa atsibweni a mwanayo monga timachitira. Anangotsika pa njinga ya kabaza, nsalu ya mayi ili m'manja, n'kulunjika kwa ine. Ndinaimirira. Iye anandigwira m'mapewa n'kuweramitsa mutu wake kuti ugunde wanga, mbali iyi ya chipumi kenako mbali inayo. Ine sindinadikire kuti amalize. Ndinamukankha pachifuwa, anapunthwa pa beseni la madzi n'kukhala pansi m'matope.

"Iwe," ndinatero, "ndine tonde mnzako ine kuti tigundane mitu? Choka pakhomo pano."

Anthu anali atadzaza kale kumpanda. Mkazi wanga anagwira pakamwa. Munthuyo anadzuka, anatola nsalu ija, anaipukuta ndi malaya ake, n'kuiika pampando mwaulemu. Anatembenuka n'kumapita. Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yayitali, kenako anamutsatira mpaka kumsewu.

Kukana kwanga kunalibe ntchito. Kuno mwana ndi wa atsibweni ake, bambo ndi tambala wobwereka. Alamu anga anakhala pansi ndi munthuyo, anamulangiza mwambo, iye anapeza Mkongo mnzake wachikulire womuimira, ukwati n'kumangidwa. Ine tsiku limenelo ndinapita kukawedza. Anatengana kupita ku Kongo ine osawatsanzika.

Anabweranso kamodzi, pamaliro a mkazi wanga, khanda lili kumbuyo. Mkamwiniyo anakumba nawo manda, ananyamula nawo bokosi, anatema nkhuni mpaka manja kutuluka matuza. Ndinaziona zonsezo. Sindinamupatse moni, ndipo khandalo sindinalinyamule. Ndinkadziuza kuti ndili pachisoni, koma zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi ndipo manyazi anga amatuluka ngati ukali.

Titameta, akuchikazi anandisudzula. Ananena mawu abwino, kuti ndinawasungira mlongo wawo bwino, kuti ndine mfulu tsopano. Ndinamanga katundu wanga panjinga. Mitengo ya mango imene ndinadzala, nyumba imene ndinaumbira njerwa, zonse zinatsala. Ndinabwerera kwathu kwa amayi, kufupi ndi Golomoti, kumene anthu amene ankandidziwa ndili mnyamata ambiri ali kumanda. Ndinalowa m'nyumba ya malemu achimwene, ndipo ndime ya mpunga ya amayi ku sikimu ya Bwanje inakhala yanga.

Munthu wokhala yekha amaphunzira zinthu zopusa. Kuti kapu imodzi imakwana. Kuti chitseko ukachisiya chotsegula m'mawa, madzulo uchipeza chomwecho. Anthu a m'mudzi amandipatsa moni patali, chifukwa mbiri yanga inafika ine ndisanafike. Pali masiku amene dzuwa limalowa ine ndisanatsegule pakamwa, kupatula kutsokomola.

Mwana wanga ankaimba foni mwa apo ndi apo. Muli bwanji, mvula yagwa, miyendo ikupweteka, basi. Za mwamuna wake sitinkatchula. Ndiye Lamulungu lina masana, nditangobwera kutchalitchi, anaimba n'kunena kuti, "Ababa, pali wina akufuna kukuyankhulani." Ndinamva kupuma, kenako kamawu ka mtsikana. Khanda lija linali litakula, lili pasukulu. Anati bonjour, moni wa Chifalansa, liwu limenelo lokha ndinalimva. Kenako anayamba kuthamanga ndi mawu ngati madzi a m'ngalande atatsegula geti, akuseka, akufunsa, n'kuima kudikira yankho. Mdzukulu wanga mmodzi yekha padziko lapansi anandifunsa funso, ine osadziwa kuti wafunsa chiyani.

Munthu wanzeru akanaseka n'kupempha mayi ake kuti amasulire. Ine magazi anakwera kumutu. Ndinauza mwanayo kuti apereke foni kwa mayi ake, ngati kuti akanamva, ndipo mayi ake atalandira ndinayamba. Ndinati wagulitsa mtundu. Ndinati mwana wosadziwa kunena kuti zikomo si wathu. Ndinatchulanso bambo ake ndi mawu amene sindingawalembe pano.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Ababa, mwanayu wakhala sabata yonse akufunsa kuti Lamulungu lifika liti. Wavala diresi la kutchalitchi kuti ayankhule nanu pafoni." Foni inaduka.

Kuyambira pamenepo nambala yake inkangoitana. Mwezi woyamba ndinati asiyeni, adzaimba okha. Wachiwiri ndinkaimba Lamulungu lililonse. Pofika wachisanu ndinali nditadziwa kuti ndikapanda kuchita kanthu, ndidzafa mdzukulu wanga akundidziwa ngati mawu okalipa a m'foni.

Nthawi imeneyo mpunga unali utatulutsa ngala. Amene sanalimepo mpunga sadziwa ntchito imeneyi. Mbewu ikayamba mkaka, mpheta zimabwera ngati utsi, ndipo ukachoka pandime ola limodzi upeza mankhusu okhaokha. Timamanga nsanja pakona pa ndime, timakoka zingwe mbali zonse, n'kumangirira zitini zokhala ndi timiyala. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa umakhala pansanja, kukoka chingwe ndi kukuwa. Aliyense ali ndi kakuwidwe kake. Ena amangoti haa, ena amaimba nyimbo za kutchalitchi, ena amatukwana. Anzanga amasinthana ndi akazi awo kapena ana awo. Ine ndinalibe wosinthana naye.

Tsiku lina ndikukoka chingwe, zitini zinalira pha, pha, mofanana ndi lula ija. Sindinaganize. Pakamwa panangotseguka pokha. Je viens. Ndinakoka. Tu viens. Ndinakokanso. Mneni yense anatuluka wathunthu, zaka zonsezo atagona m'mutu osawola. Mbalame zinathawa. Ndinabwerezanso, mokweza, ndipo mpaka madzulo ndinali ndisanasiye.

Ndime yoyandikana ndi yanga ndi ya msuweni wanga, mwana wa atsibweni anga, mayi wamasiye wa msinkhu wanga. Ndi munthu yekhayo amene amandinena mmene akufunira ine osamuchita kanthu, poti chisuweni ndi chomwecho. Tsiku lachitatu anawoloka ngalande, chitenje atakwinyira m'mawondo, n'kuima pansi pa nsanja yanga.

"Amunanga, kodi zayamba liti?"

"Chiyani?"

"Misalayi. Ndikauze anthu akonze chingwe?"

"Ndi Chifalansa ichi, mbuli iwe."

"Ndiye mbalame za ku Bwanje zinapita ku sekondale? Mukuziuza chiyani?"

Ndinamumasulira. Anaseka mpaka kukhala pansi pamzere wa dothi. "Anzanu akuti chokani, inu mukuti ndikubwera, ukubwera, tikubwera. Mpunga wanu ukatha musadzanamizire mfiti."

Atatha kuseka anandiyang'ana. Nkhani ya foni ankaidziwa, poti mwana wanga ankayankhula naye. "Mawuwa si a mbalame," anatero. "Bwanji osam'tumizira mwini wake?"

Iye ali ndi foni yayikulu, yopalasa ndi chala, yotha kujambula mawu n'kuwatumiza. Yanga ndi ya mabatani. Ndinakana masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinamuitana.

Ndinkafuna kunena mawu awiri okha, tu viens, iwe ukubwera, kuti mwanayo amve kuti agogo ake akumufuna. Koma foni itayandikira pakamwa, mutu unauma. Ndinazindikira kuti mneniyu sindingamudule pakati. Anandiphunzitsa ngati nyimbo, ndipo nyimbo umayambira poyamba. Popanda chingwe m'manja sankatulukanso n'komwe. Ndiye ndinagwira chingwe, ndinakoka, n'kuyamba pamwamba mpaka pansi, zitini zikulira. Ndili pa nous venons gulu la mpheta linatera pakati pa ndime, ndipo ndinalitukwana m'Chichewa chomveka bwino, kenako n'kupitiriza.

"Fufuta, tiyambirenso," ndinatero.

"Zapita kale."

"Ndi kutukwana komwe?"

"Akudziweni mmene mulili. Mumafuna aziyesa kuti agogo awo ndi abambo mfumu a ku Mua?"

Ndinamuponyera chitini. Anazinda.

Madzulo anandionetsa timizere tiwiri pafoni tosonyeza kuti uthenga wamvedwa. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale sabata imeneyo. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana mmene msuweni akuyendera pobwera kundime, kuti ndione ngati wanyamula nkhani. Iye ankangopukusa mutu ali patali.

Yankho linabwera tsiku lachisanu ndi chinayi. Anali mawu a mwana wanga, ouma. "Ababa, tamva. Mwanayu wamvetsera kambirimbiri, mpaka wayamba kutengera mawu aja munanena kwa mbalame, ndiye zikomo kwambiri. Koma mwana sakwera basi yekha. Ali ndi bambo ake. Ngati mukufuna abwere, uzani bambo akewo. Nambala ndi yomweyi."

Ndinatsika pansanja n'kupita kunyumba dzuwa lili pamutu. Mbalame zinadya mmene zinafunira tsiku limenelo. Ndinakhala pakhonde ndikuyankhula ndekha. Ine, munthu wa imvi, ndikagwade kwa munthu amene anabwera pakhomo panga ngati akudzagula tomato?

Kwathu kuno mkulu sapepesa mkamwini pamaso. Amatuma ankhoswe, iwo n'kukonza, pambuyo pake anthu n'kumangopatsana moni ngati palibe chinachitika. Ndiye ndinapempha msuweni kuti ayang'anire ndime zonse ziwiri, ndinakwera njinga mpaka ku Mtakataka kwa alamu anga, atsibweni a mwana wanga. Ndinadutsa panyumba yanga yakale. Mango anali atakula kuposa denga, ndipo pachingwe panali zovala za anthu ena.

Alamu anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi. Nditafotokoza, anakanda chibwano.

"Alamu, paja tinakusudzulani. Unkhoswe wa inu ndi ife unathera pamenepo. Komanso munthu uja ndi ife alibe mlandu. Amatiimbira, Khirisimasi amatikumbuka. Mlanduwu munaupanga ndi manja anu, pamaso pa mudzi wonse. Ine ndikanene kuti chiyani?"

Ndinati munthuyo ndiye anayamba, pofuna kundigunda ndi mutu.

"Mpaka lero simunafunse?" anatero. "Kwawo amuna olemekezana amapatsana moni choncho. Sachita ndi aliyense. Anakupatsani ulemu umene amapatsa bambo ake omubereka. Ife anatiuza sabata yomweyo. Inu munali kuti? Munali kokawedza."

Ndinafuna kukalipa, koma panalibe womukalipira. Ndinamwa madzi aja n'kutsanzika. Njira yonse yobwerera ndinkaona munthu uja akupukuta nsalu ndi malaya ake.

Kutacha ndinakwera pansanja n'kuitana msuweni. Anabwera ndi foni osanena nthabwala, zimene sizichitika kawirikawiri. Chiyambire sindinamutchulepo munthu uja ndi dzina laulemu. Kwa ine anali iwe, kapena uja, kapena Mkongo. Ndinagwira chingwe.

"Apongozi," ndinatero. Liwulo linatuluka ngati munga wa nsomba. Kenako ndinakoka chingwe n'kuyamba pamwamba, je viens, tu viens, il vient, nous venons. Pa vous venez ndinaima. Aphunzitsi aja ankati ameneyo ndi wa anthu ambiri komanso wa munthu mmodzi amene ukumulemekeza, monga inu wathuyu. Ndinamunena kawiri, chingwe nditachisiya. Zotsalazo ndinanena m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti amve. Ndinati tsiku lija ndinalakwa. Ndinati pamaliro ndinaona matuza m'manja mwawo. Ndinati mpunga ukucha, thumba limodzi ndi lawo.

Msuweni anatumiza, anaika foni m'chitenje. "Chifalansa chanu n'choipa," anatero, "koma Chichewacho ndachimva koyamba." Anawoloka ngalande kubwerera kundime yake.

Apongozi anaimba Lamulungu lotsatira, pafoni yanga ya mabatani. Chichewa chawo chinali chija chapamsika, chosasintha. Anati, "Bambo, mpunga bwanji, mbalame zambiri?" Ndinati zambiri. Tinakamba za mbalame nthawi ndithu, amuna awiri akuluakulu. Za tsiku lija sanatchule, inenso sindinabwereze. Kenako anati chaka chino sangathe kubwera. Lole imene amayendetsa inasintha njira, sibweranso kuno, ndipo mwana ali pasukulu. Mwina chaka chamawa, Mulungu akalola. Ndinamva ukali uja ukukwera. Ndinaluma mlomo mpaka unatsika. Ndinati ndamva, apongozi.

Anapereka foni kwa mwana. Sanathamange ndi mawu ngati poyamba. Anati, "Agogo," m'Chichewa, kenako anayamba yekha, je viens, n'kudikira. Ndinati tu viens. Anati il vient. Tinatsika choncho mosinthana mpaka pansi. Pa ils viennent anandibweza katatu, poti ine ndimatchula zilembo zonse mmene zalembedwera, ndipo iye zimenezo zimamuseketsa. Kumbuyo ndinkamva mayi ake akumuletsa kuseka. Mwana wangayo sanayankhule nane tsiku limenelo. Anayamba patapita milungu ingapo.

Tsopano amaimba Lamulungu lililonse masana. Ndikatuluka m'tchalitchi sindicheza ndi munthu, ndimathamangira kunyumba kuti foni indipeze ndili pakhonde, pamene netiweki imagwira. Timayamba ndi venir, monga ena amayambira ndi pemphero. Mdzukulu wayesa kundiphunzitsa aneni ena, koma salowa. Ine ndamuphunzitsa kunena kuti zikomo, mpunga, ndi mbalame. Liwu lotukwanira mbalame lija analiphunzira kale yekha. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi khumi. Foni ikaduka, nyumba imakhala chete kuposa mmene inalili isanalire, ndipo patsogolo pamakhala masiku asanu ndi limodzi.

Mpunga ndinamweta, ndinapuntha, ndinagulitsa wina. Thumba la apongozi ndinalisiya losapuntha kumakina kuti lisafumbwe msanga, ndinaliika pamiyala m'chipinda chimene ndinazira dothi latsopano. Chaka chamawa chija chinafika n'kudutsa, sanabwere. Ndinadya thumba lakalelo, ndinaikapo la chaka chino. Msuweni akuti ndikuweta makoswe. Mwezi uno ndapita kwa kalipentala ku Golomoti kukafunsa za bedi laling'ono, ndipo ndamuuza kuti asafulumire, koma matabwa akhale a mtengo wosafumbwa.